Kodi sekondale ndi ya chiyani kwenikweni? Zomwe wachinyamata wa kuno ku Namitete ayenera kudziwa

Sabata yatha pagulu lathu la WhatsApp la achinyamata a kuno ku Namitete panabuka mkangano womwe unafika mpaka pakati pa usiku. Anauyambitsa ndi mnyamata wina wa kabaza yemwe anaponya chithunzi cha satifiketi yake ya MSCE, pansi pake n'kulemba kuti pepala limeneli ntchito yake n'kukulungira mandasi basi. Mapointi ake si oipa ayi, 24. Ena anamuseka, ena anamuikira kumbuyo, kenaka wina anandikoka ine: "Aise, iwe unakafika mpaka ku yunivesite n'kubwerako chimanjamanja, tatiuza, sukuluyi inakupindulira chiyani?"

Funsoli linandibaya chifukwa ndi zoona, ndinasiyira panjira chaka chachiwiri fizi itavuta. Koma yankho lake silingakwane pa meseji imodzi, ndiye ndasonkhanitsa pano zomwe aliyense ayenera kudziwa za sekondale: momwe imayendera, komwe inachokera, zomwe malamulo amanena, ndi ntchito yake m'dziko lomwe anthu amasankha okha atsogoleri awo. Mfundo yanga ndi imodzi. Tikamayesa sekondale ndi ntchito ya mu ofesi yokha, ambiri a ife tizingoti inatipusitsa. Koma sekondale ili ndi ntchito ina yomwe sitiikamba kawirikawiri: kupanga munthu woti boma, wandale kapena venda asamamupusitse.

Sekondale ya ku Malawi mwachidule

Mwana akamaliza zaka 8 za pulayimale amalemba mayeso a PSLCE. Akasankhidwa amaphunzira zaka zinayi, Fomu 1 mpaka Fomu 4. Pa Fomu 2 pali mayeso a JCE, omwe boma linawathetsa atalembedwa komaliza mu 2016 kenaka n'kuwabwezeretsa mu 2021. Pa Fomu 4 ndiye pali MSCE. Mayeso onsewa amayendetsa ndi bungwe la MANEB.

Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi omwe timanyadira aja ndi kuphatikiza kwa maphunziro 6 omwe munthu wakhoza bwino kwambiri, n'chifukwa chake katswiri weniweni amapeza mapointi 6. Chingerezi ndiye mlonda wa pageti: ukachilephera, satifiketi palibe, ngakhale masamu utawakhoza chotani.

Sukulu zake zili m'magulu. Pali za national, zogonera konko, zomwe zimatenga ana okhoza kwambiri m'dziko lonse, monga Dedza ndi Lilongwe Girls. Pali za mishoni zothandizidwa ndi boma, monga Likuni Boys ndi Likuni Girls. Pali za m'maboma, zina zogonera zina zoyendera. Pali ma CDSS, zoyendera za m'madera, komwe kuli ana ambiri a sekondale m'dziko muno, ndipo kwa ife a ku Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma sekondale imene timaidziwa kwambiri ndi imeneyi. Pomaliza pali za open, zija timati za naiti, ndi zapulayiveti.

Khomo lake ndi lopapatiza. Mwa ana omwe amakhoza PSLCE chaka chilichonse, omwe amapeza malo ku sekondale za boma sakwana theka. Mwa ana 100 alionse a msinkhu wa sekondale, omwe alidi ku sekondale sakwana 20. Kutsogoloku n'kopapatiza kuposa apo: zaka zapitazi olemba MSCE akhala akupitirira 150,000 pachaka, koma omwe amasankhidwa kupita ku mayunivesite a boma sakwana mmodzi pa khumi alionse. Ndiye taganizani, ngati cholinga cha sekondale ndi yunivesite basi, ndiye kuti kwa ana 9 pa 10 alionse zaka zinayi zija zimangopita pachabe. Ine sindikuvomereza zimenezo, ndipo mbiri ikuonetsa chifukwa chake.

Boma lililonse linkafuna munthu wamtundu wake

Sekondale inabwera mochedwa kuno. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo yoyamba ya boma inali Dedza mu 1951. Atsamunda sankafuna anthu ambiri ophunzira. Ankafuna makalaliki, omasulira ndi aphunzitsi ochepa oti athandize kuyendetsa maofesi awo.

Titalandira ufulu mu 1964, sukulu zinawonjezereka, koma cholinga chinali kupanga antchito a boma omvera. Makolo athu amakumbukira ngodya zinayi za nthawi ya Kamuzu Banda: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pa zinayizo palibe yonena za kufunsa mafunso. Mabuku ankayamba adutsa ku bungwe lounika zolembedwa, ndipo mu 1987 mphunzitsi wa ku Chancellor College, mlakatuli Jack Mapanje, anatsekeredwa ku Mikuyu zaka zoposa zitatu osazengedwa mlandu. Mu 1981 Kamuzu anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, komwe ana ochepa osankhika ankaphunzira mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Ganizo lake linali loti ochepa aphunzire kwambiri kuti atsogolere, otsalawo azitsatira.

Zinthu zinayamba kutembenuka pa 8 March 1992 pomwe m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula momwe dziko linkayendera. Mwa zina, kalatayo inadandaula za kuthithikana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi kusiyana kwa mwayi wa maphunziro. Ophunzira a ku Chancellor College anali m'gulu la oyamba kuguba poikira kumbuyo maepiskopiwo. Pa 14 June 1993 kunachitika riferendamu, ndipo anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho, ndipo chaka chomwecho pulayimale inakhala yaulere. Ana a pulayimale anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni.

Chigulu chonsechi chinkafunika kopita chikamaliza Sitandade 8. Mu 1998 boma linaganiza zosandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala ma CDSS. Apa ndi pomwe sekondale inafika kumudzi, ngakhale inafika yopanda labotale, yopanda laibulale, komanso ndi aphunzitsi ambiri omwe anaphunzitsidwa za pulayimale. Mu 2018 boma linachotsa ndalama ya tuition m'sekondale zake, ndipo boma la Peter Mutharika, lomwe linalowa pambuyo pa chisankho cha pa 16 September 2025, linalengeza kuti kuyambira January 2026 sekondale za boma zikhala zaulere, kupatula ndalama ya chakudya ndi malo ogona kwa omwe amagonera konko.

Mwaona kusintha kwake? Atsamunda ankafuna kalaliki. Chipani chimodzi chinkafuna womvera. Demokalase imafuna mwini wake wa dziko, ndipo mwini amayenera kudziwa kuwerengera katundu wake.

Malamulo akuti chiyani?

Malamulo aakulu a dziko lino, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994, ali ndi ndime zingapo zomwe ndikanakonda mwana aliyense wa Fomu 2 atazidziwa pamtima. Ndime 12 imanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu a m'dziko muno. Ndime 25 imapereka kwa munthu aliyense ufulu wa maphunziro. Ndime 13 imalamula boma kuti lithetse umbuli wosadziwa kulemba ndi kuwerenga, litsegule mwayi wa maphunziro apamwamba, komanso kuti maphunziro alimbikitse umodzi ndi kuthetsa kusalana pa ndale, chipembedzo ndi mtundu. Taonani, malamulowo sakunena za ntchito yokha, akunena za kukhalira limodzi.

Pali ndime ina yomwe ambiri saidziwa. Ndime 51 imati munthu wofuna kukhala phungu akhale ndi zaka zosachepera 21 ndipo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge mbali pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Kuvota aliyense wa zaka 18 amavota, kaya anapita kusukulu kaya ayi, ndipo mmenemo ndi momwe ziyenera kukhalira. Koma kukakhala pampando wa m'modzi mwa aphungu 229 aja, Chingerezi chimafunika, ndipo mwana wa kumudzi Chingerezi chotero amachipeza ku sekondale. Ndiye dera lomwe ana ake sakufika Fomu 4 limavota ndithu, koma anthu oti liwatume amakhala ochepa, ndipo nthawi zambiri amakhala omwe anachoka kale n'kukakhazikika ku tauni.

Ntchito zinayi za sekondale mu demokalase

Yoyamba ndi kuwerenga pepala usanasainire. Dziko lathu limayenda ndi mapepala, ndipo ambiri ndi a Chingerezi: mgwirizano wa mlimi wa fodya ndi kampani, risiti ya ku okushoni ku Kanengo yoonetsa zomwe zadulidwa pa belo lililonse, fomu ya ngongole, chikalata cha malo, samani ya kukhoti. Kunyumba kwathu ine ndi amene ndimawerengera bambo anga mapepala a fodya. Tsiku loyamba kuwafotokozera mzere ndi mzere zomwe zinadulidwa, anangoti, "Ndiye zaka zonsezi ndimangolandira osadziwa eti?" Digiri ndilibe, koma pepala limenelo ndinaliwerenga ndi Chingerezi cha Fomu 4.

Yachiwiri ndi kuwerengera. Masamu a peresenti omwe tinkadana nawo aja ndi omwe amakuuza kuti katapila wa K20,000 wobweza K30,000 pakutha pa mwezi ndi chiwongoladzanja cha 50 pa 100 pamwezi umodzi. Ndinakhalapo pamsonkhano wa komiti ya mjigo m'mudzi wina. Mjigo unali utawonongeka, akomiti n'kumati m'thumba mulibe kanthu. Mtsikana wina yemwe anangomaliza kumene Fomu 4 anaimirira mwaulemu, n'kunena kuti, "Pepani a tcheya, mabanja osonkha alipo 60, lililonse K500 pamwezi. Pachaka ndi K360,000. Tingaone nawo kabuku kolembamo zomwe zinagulidwa?" Panalibe kutukwana, panalibe kuloza chala. Sabata yotsatira mjigo unakonzedwa. Masamu omwewo ndi omwe amafunika pa thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, lomwe linayamba mu 2006, ndi pa bajeti ya khonsolo. Ndalama zikakula manambala amangochuluka maziro, koma funso ndi lomwe lija: zinalowa zingati, zatuluka zingati, risiti ili kuti?

Yachitatu ndi kufunsa kuti umboni uli kuti. Apa ndiye pakutikhudza ife a pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp. Voisi noti imabwera, munthu wosadziwika akuti zakuti zachitika, ife n'kutumiza kumagulu asanu tisanamalize n'kumvera komwe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa kuchigawo cha kummwera. Phunziro la Biology kapena Chemistry likaphunzitsidwa bwino limazoloweretsa mutu kufunsa kuti tadziwa bwanji. History imaphunzitsa kuti nkhani imodzi anthu awiri amaifotokoza mosiyana, ndiye uyenera kufunsa kuti wanena ndani ndipo akupindulapo chiyani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndipo dziwani kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limakhudzanso zomwe timalemba pa intaneti, pomwe lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakupatsani mphamvu yolemba kalata ku ofesi ya boma kupempha kuona zikalata. Lamulo lilipo, chofunika ndi munthu wodziwa kulemba kalatayo.

Yachinayi ndi kutsutsana popanda kumenyana. Ku pulayimale umakhala ndi ana a m'mudzi mwako. Ku sekondale ndi komwe ambiri timakumana koyamba ndi mnzathu wa mpingo wina, Msilamu, Mtumbuka, Mlhomwe, mwana wa bwana ndi mwana wa tenanti pa desiki imodzi. Kalabu ya dibeti, kusankha mapulifekiti, kugonja pa mtsutso mawa lake n'kubwerekana buku, zonsezi ndi kuyeserera demokalase. Munthu amaphunzira kuti yemwe akutsutsana naye si mdani.

Zomwe tinaona pamsewu wathu womwe uno

Nkhani imeneyi kwa ife si ya m'buku. Chisankho cha pa 21 May 2019 chitatha, dziko linatentha ndi zionetsero, ndipo Msundwe, pamsewu womwewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji, inatchuka dziko lonse. Pa 8 October 2019 wapolisi wina anaphedwa pogendedwa ndi miyala kumeneko. Pambuyo pake apolisi analowa m'madera a Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo kafukufuku wa bungwe la Malawi Human Rights Commission anapeza kuti amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza. Bungwe la Women Lawyers Association linatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu August 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi.

Nayonso nkhani ya chisankho inathera kukhoti. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti, mwa zina chifukwa cha mapepala a zotsatira omwe anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo pa 23 June 2020 tinavotanso. Umboni wa mlanduwo unali mapepala ochokera m'malo oponyera voti, omwe anthu anakhala pansi n'kumawafananiza limodzi ndi limodzi.

Sindikunena kuti ophunzira sagenda, kapena kuti osaphunzira sadziwa chilungamo. Agogo athu ambiri omwe anavotera nyali mu 1993 sanaponde m'kalasi ya Fomu 1, ndipo akuba a Cashgate mu 2013 anali anthu a masatifiketi awo. Chomwe ndikunena n'chakuti mwala unasiya maliro, pomwe chomwe chinabweretsa chigamulo ndi anthu omwe analimba mtima kupereka umboni, ena n'kuulemba, ena n'kuutengera kukhoti. Njira imeneyo imafuna anthu ambiri odziwa kulemba lipoti, kuwerenga fomu ya zotsatira ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda. Anthu oterowo sangachokere ku Area 47 okha. Akufunika ku Kabudula, ku Nsaru ndi kuno ku Namitete.

Pomwe sekondale zathu zikuperewera

Tisanamizane, sukulu zambiri sizikukwanitsa ntchito zinayi zija. Choyamba, zonse zimathera pa mayeso. Social Studies ndi Life Skills zilipo, koma mwana amaloweza nthambi zitatu za boma kuti akakhoze, osadziwa dzina la khansala wa wodi yake kapena tsiku lomwe komiti ya chitukuko ya VDC imakumana. Mayeso akasanduka chilichonse, kubera kumabwera. Mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa atabedwa, ana n'kudzalembanso mu January 2021, ndipo omwe anakhoza sanakwane theka.

Chachiwiri, m'sukulu zambiri mwana wofunsa mafunso amatengedwa ngati wamwano. Madandaulo a chakudya kapena chilango akasowa kolowera, mapeto ake timamva kuti ana aswa mawindo kapena atentha nyumba ya sukulu. Sukulu yomwe ilibe njira yomvera ana ake ikuphunzitsa kuti zinthu zimasintha ndi mwala basi.

Chachitatu, kusiyana. Mwana wa ku national ndi wa ku CDSS amalemba pepala limodzi la Chemistry, wina anagwirapo zipangizo za mu labotale, wina anangoziona pa bolodi. Atsikana ndiye ali ndi mtolo wina: mtunda wautali, selofu boding m'tinyumba ta lendi pa trading centre, mimba ndi maukwati. Dziwani kuti kuyambira 1993 pali ndondomeko yolola mtsikana yemwe anabereka kubwerera kusukulu, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ngati muli ndi mchemwali wanu yemwe anasiya, khomo silinatsekedwe.

Nanga ntchito?

Mnzanga wa kabaza uja ali ndi mfundo, demokalase sadyera nsima. Munthu wa njala ndi wosavuta kumugula, ndipo ngakhale lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, tonse tikudziwa zomwe zimachitika nthawi ya kampeni. Choncho sekondale iyeneranso kuthandiza munthu kudziimira payekha. Njira si yunivesite yokha. Pakhomo pathu pomwe pano pali Namitete Technical College, ndipo bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga ndi zokonza magalimoto. Agriculture ya MSCE imagwira ntchito m'munda wa soya ndi mtedza. Ndipo wa kabaza wodziwa kulemba zolowa ndi zotuluka, kuwerenga mgwirizano wa ngongole ya njinga yamoto, ndi kulemba kalata ya bungwe lawo kupita ku khonsolo, sali chimodzimodzi ndi yemwe sadziwa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka ndi ana osakwana zaka 18. Mwana yemwe ali Fomu 1 lero adzakhala pamzere wovota zaka zochepa zikubwerazi. Sekondale yaulere ikhoza kulowetsa ambiri m'kalasi, koma monga tinaonera mu 1994, kutsegula chitseko popanda madesiki, mabuku ndi aphunzitsi kumangosamutsa vuto. Amene angalondoloze zimenezi ndi ife tomwe: kupita ku misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi m'malo mwa makolo athu omwe sawerenga, kufunsa ndalama zomwe sukulu yalandira kuchokera ku boma, kufunsa phungu ndi khansala kuti pa CDF sukulu yathu yapatsidwapo zingati.

Kwa iwe aise wa kabaza, satifiketi ija usakulungire mandasi. Lachisanu likubwerali bungwe lanu la pa siteji likukumana pa nkhani ya ndalama za ziphaso, ndipo ndamva kuti mlembi mulibe. Pita ndi kope ndi cholembera.